Atambala a ku Uji

Kuchokera ku Kyoto kufika ku Uji, m'dziko la Japan, sitima sitenga ndi ola lomwe. Ukatsika, kamsewu kopita kukachisi wa Byodo-in kamangonunkhira tiyi, sitolo iliyonse ikugulitsa tiyi wobiriwira. Ine sindinaime, ndinali ndi changu chokaona mbalame ziwiri zachitsulo zimene zili padenga la kachisiyo.

Ndinaziona ndili tsidya lina la dziwe, zitayang'anizana, zikunyezimira golide. Ndinajambula zithunzi mpaka foni kutentha. Kenaka mayi wina wachikulire anandilozera nyumba ya Hoshokan, momwe amasungiramo zinthu zakale, n'kundiuza m'Chingerezi chodukaduka kuti zapadengazo n'zongotengera. Zenizeni anazitsitsa kalekale poopa kuti utsi ungaziwononge. Manyazi ake!

M'katimo kujambula n'koletsedwa, ndipo mwina n'chifukwa chake ndinaziyang'anitsitsa. Zilibe kuwala kulikonse, mkuwa wake unada ndi zaka. Iliyonse ndi yotalika pafupifupi mita imodzi, chifuwa chili nga! kutsogolo, miyendo yayitali, maso aukali. Thupi analiumba ndi mkuwa wosungunula, koma nthenga za mapiko ndi mchira anazidula pamapepala a mkuwa n'kuzikhomerera. Ukayandikira galasi umaona mmene mmisiri anazisanjira, ina pamwamba pa inzake.

Eni ake amazitcha hoo, mbalame yam'nthano imene inachokera ku China. Koma ndinene zoona, lipombo lija ndi nkhope ija, ine ndinaona tambala wakumudzi amene salola mnzake kulira pabwalo.

Nyumba yokhala ndi mbalame padenga ija inamangidwa mu 1053. Fujiwara no Yorimichi, nduna yamphamvu ya nthawi imeneyo, anali atasandutsa nyumba yopumulirako ya bambo ake kukhala kachisi mu 1052, chaka chimene anthu ankakhulupirira kuti chiphunzitso cha Buddha chayamba kuzilala padziko. Ndiye anamanga chithunzithunzi cha paradizo wa Buddha wotchedwa Amida pompano, dziwe kutsogolo, fano la Amida logobedwa ndi mmisiri Jocho m'kati, mbalame pamwamba. Munthu wamantha koma wachuma amamanga zokongola.

Potuluka ndinagula tiyi uja. Pa chenji panali ka 10 yen, kandalama kamkuwa kokhala ndi chithunzi cha nyumba yomweyi. Ndinakayandikitsa kumaso ndili pasiteshoni, ndipo mbalame zija zilipo ndithu, timadontho tiwiri padenga. Kameneko sindinagulire kanthu, kali m'chikwama mpaka lero.