Lipoti la ulendo wathu wa pa sitima ku Norway: kavinidwe ndi zaka za okwera

Bambo wapampando, amayi ndi abambo nonse a m'gulu lathu la Amalawi a kuno ku UK, pamsonkhano wapitawu munandipatsa ntchito yolemba za ulendo umene ena mwa ife tinayenda mwezi wa June, wa pa sitima yapamadzi kuchokera ku Newcastle kupita ku Norway. Inu amene munatsala munatituma kukaona zinthu ziwiri. Choyamba, ngati pa sitima zing'onozing'ono pali mwayi weniweni wovina ballroom, magule ovina awiriawiri mogwirana, monga timachitira Loweruka mu holo yathu. Chachiwiri, ngati ndi zoona zimene anzathu ena amanena, zoti sitima zotere zimadzaza ndi okalamba okhaokha, moti ife a zaka za m'ma 40 ndi 50 tikasowa wocheza naye. Kuvina kulipo. Okalamba aliponso, ochuluka zedi. Chimene tinakapeza n'chakuti magule a ballroom akadalipo pa sitimazi chifukwa cha okalamba omwewo.

Tinakwerera pa Port of Tyne, ku North Shields. Sitima yathu inali yonyamula anthu pafupifupi 1,300. Kwa munthu amene sitima yomwe amaidziwa ndi Ilala ya pa nyanja yathu, chimenechi ndi chinthu chachikulu kwabasi, koma pakati pa sitima zoyendera alendo imawerengedwa m'gulu la zazing'ono, poti Icon of the Seas, yomwe inayamba kuyenda mu 2024, imatha kunyamula anthu oposa 7,000. Za mapepala ndinene mwachidule. Amene tikadali ndi pasipoti ya Malawi tinafunika visa ya Schengen, yolowera m'gulu la mayiko ambiri a ku Ulaya, chifukwa Norway ili m'gulu limeneli ngakhale si membala wa European Union, ndipo chilolezo chokhalira ku UK sichilowa m'malo mwa visayo. Inshuwalansi ya ulendo nayo imakwera mtengo malinga ndi zaka komanso matenda monga BP ndi shuga, ndipo iyenera kukhala yovomereza ulendo wa pa sitima.

Tili pamzere wolowera tinaoneratu kuti anzathu aja sananame. Mitu yambiri inali ya imvi, ndodo zinali zosawerengeka, zikuku zinaliponso. Poyang'ana ndi maso, ambiri anali a zaka za m'ma 70, ena ndithu opitirira 80, ndipo ana tinangoona apo ndi apo. Zifukwa zake n'zosavuta kumva. Ulendo umayambira ndi kuthera pa doko la ku UK, ndiye palibe ndege, palibe kuima nthawi yaitali pabwalo la ndege, palibenso woyeza kulemera kwa sutikesi, zomwe ndi mpumulo waukulu kwa munthu woyenda ndi mankhwala ndi ndodo. Mu June sukulu za ku England zimakhala zisanatseke, choncho mabanja a ana aang'ono sangabwere. Sitima zazing'ono zilibenso malo aakulu osewerera ana amene amakopa mabanja ku sitima zikuluzikulu. Ndipo kuchoka kuchipinda kupita kodyera kapena kovinira ndi mtunda woti agogo atha kuyenda osapumira panjira. Makampani ena anachita kuika lamulo: Saga imalola okhawo a zaka 50 kupita m'tsogolo, wowaperekeza akhale wa zaka 40 kapena kuposa, ndipo sitima zake ziwiri, Spirit of Discovery ndi Spirit of Adventure, iliyonse imanyamula anthu osakwana 1,000.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa zinandigwira mtima. Ambiri a ife m'gulu lino timagwira ntchito yosamalira okalamba kapena ya unamwino. Okalamba a kuno timakumana nawo ali pabedi, tikuwasambitsa, tikuwapatsa mankhwala, tikuwatembenuza usiku. Kwathu nako, kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la Amalawi ndi osakwana zaka 18, motero holo yodzaza ndi anthu a zaka 80 si chinthu chimene maso athu anazolowera. Madzulo oyamba ndinaona bambo wina yemwe masana ankayenda mokoka mwendo. Bandi itayamba waltz, anatsamiritsa ndodo yake pampando, n'kugwira dzanja la mayi akunyumba kwake, ndipo anazungulira bwalo lonse msana uli chilili. Achemwali athu a ku Leeds, omwe akhala pa ntchito ya usiku kwa zaka zambiri, anangoti, "Achemwali, taonani, anthu omwewa ndi amene timawaona ngati atha ntchito."

Anthu amenewa sanaphunzire kuvina atakalamba ngati ife. M'zaka za m'ma 1950 matauni a ku Britain anali ndi maholo ovinira, ndipo kumeneko ndiko anyamata ndi atsikana ankakumana Loweruka madzulo. Mwambowu ndi wakale ndithu: Hammersmith Palais ya ku London inatsegulidwa mu 1919, ndipo mpikisano wa Blackpool Dance Festival unayamba mu 1920. Mayi wina wamasiye amene tinkadya naye patebulo limodzi anatiuza kuti malemu amuna ake anakumana nawo mu holo yotere, ndipo anavina limodzi mpaka chaka chimene bambowo anadwala. Kampani yomwe okwera ake ndi anthu ngati mayiyu singayerekeze kuchotsa bandi kapena kuyala kapeti pabwalo lovinira. Pa sitima zambiri zikuluzikulu madzulo amakhala a disko ndi ziwonetsero zina, chifukwa okwera ake safuna foxtrot.

Ndondomeko ya kuvina inali motere. Masiku amene sitima inali pakati pa nyanja, m'mawa kunkakhala phunziro lotsogoleredwa ndi aphunzitsi awiri, bambo ndi mayi, ndipo linali laulere. Ankayambira pansi penipeni, moti amene mwangoyamba kumene musaope. Tsiku lina masana kunali kuvina kwa nthawi ya tiyi, makeke ali patebulo. Koma nthawi yeniyeni inali madzulo, chakudya chisanayambe komanso chiwonetsero cha usiku chikatha, pamene bandi inkaimba waltz, foxtrot, quickstep, tango, rumba, cha-cha-cha ndi jive mosinthanasinthana. Kuvinira bandi yeniyeni n'kosiyana ndi sipika yathu ya mu holo. Woimba ng'oma amayang'ana mapazi a ovina, ndipo akaona kuti ambiri akutsalira amachepetsa liwiro.

Bwalo lokha ndi laling'ono, ndipo amene mumakonda kutambasula miyendo mudziwiretu zimenezi. Anthu 20 akalowa, ladzaza. Foxtrot imene aphunzitsi athu amatiuza kuti tiziponda motalikitsa tinkaivina ndi timasitepe tating'onoting'ono, ndipo quickstep yothamanga kuchoka ngodya ina kufika ina inali yosatheka. Rumba ndi cha-cha-cha ndi zomwe zinkakwana bwino poti zimavinidwa pamalo amodzi. Komabe sindinaone anthu akugundana. Aliyense amadziwa kuti bwalo limazungulidwa mosemphana ndi mmene muvi wa wotchi umayendera, ofulumira kunja, oyenda pang'onopang'ono pakati, ndipo wakutsogolo akaima, wam'mbuyo amadikira pamalo pomwepo osataya kugunda kwa nyimbo. Kwa ine limeneli linali phunziro loposa la m'mawa lija. Luso loyendetsa mnzako pamalo opanikiza sitiliphunzira mu holo yathu chifukwa malo amachita kutsala.

Chimene chinatisiya pampando ndi magule otchedwa sequence. Awa ndi magule amene masitepe ake anakonzedweratu, kawirikawiri a tizigawo 16 ta nyimbo (bars), ndipo onse pabwalo amaponda zofanana nthawi imodzi, n'kumabwereza mpaka nyimbo ithe. Wotsogolera bandi akangotchula Mayfair Quickstep, Square Tango, Rumba One kapena Saunter Together, holo yonse imadzuka, ngakhale aja amakhala pansi pa magule ena. Ndi magule okondedwa ndi achikulire chifukwa bambo safunika kuganiza kuti atsogolere chiyani, ndipo poti onse akulowera kumodzi, bwalo laling'ono limalandira anthu ambiri. Amayi awiri amatha kuvina limodzi popanda wodabwa. Pofika kumapeto kwa ulendo tinali titaigwira Mayfair Quickstep, ataiphunzitsa kwa ife mayi wamasiye uja pakhonde pafupi ndi malifiti.

Tsopano nkhani ya ovinitsa alendo, amene pa sitima amawatchula kuti dance hosts, chifukwa inabweretsa kukambirana pakati pathu. Poti amayi amakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa abambo, pa sitima zotere amayi oyenda okha amachuluka. Choncho pamakhala abambo angapo odziwa kuvina, ambiri opuma pantchito, ovala baji ya dzina lawo, amene udindo wawo ndi kupempha amayi opanda mnzawo kuti avine. Malamulo awo ndi okhwima. Sakondera mayi mmodzi, amasinthasintha nyimbo ikatha, ndipo za chibwenzi n'zoletsedwa. Amayi athu amene anabwera opanda abambo anavina usiku uliwonse chifukwa cha anthu amenewa, ndipo sindinamve dandaulo la khalidwe losayenera.

Koma tonse tikudziwa mmene tinakulira. Kwathu mwamuna kugwira m'chiuno mkazi wa mwini pagulu ndi nkhani yoti ankhoswe akhalirepo pansi. Madzulo ena bondo la mmodzi wa abambo athu linatupa, ndipo wovinitsa alendo anabwera mwaulemu kudzapempha mayi akunyumba kwake. Mayiwo anayang'ana amuna awo. Bambowo anati, "Pitani mayi, ine ndikuonererani pompano," koma nkhope inaoneka kuti mawuwo atuluka movutikira. Tinakambirana nkhaniyi m'mawa mwake pa kadzutsa, momasuka. Maganizo anga ndi awa. Mu ballroom dzanja la bambo limakhala pafupa la phewa, osati m'chiuno, ndipo nyimbo ikatha amamuperekeza mayi kumpando wake n'kuthokoza. Ndi mwambo wokhala ndi malire ake omveka bwino. Komabe banja lililonse ligwirizane lisanakwere sitima, ndipo mayi amene sakufuna akane, palibe amene angamukakamize. Bondo litaphwa, bambo athu aja ndi amene anakapempha mayi wamasiye uja waltz, ndipo kuyambira pamenepo nkhaniyi sinabwerenso.

Nyanja nayo ili ndi mbali yake pa kavinidwe. Podutsa North Sea mphepo inawomba, sitima n'kumapendama uku ndi uku. Ena mwa ife anagona ndi nseru, ndipo amene tinalimba mtima tinapeza kuti phazi limafika pansi mochedwa kapena mofulumira kuposa mmene ukuyembekezera. Achikulire aja ankangopinda mawondo pang'ono, kuchepetsa masitepe, n'kusiya kunyamuka pa zala mu waltz. Amayi ambiri anavula nsapato zazitali. Titalowa mu Sognefjord, mbali ya nyanja yolowa pakati pa mapiri, yomwe ndi yaitali makilomita oposa 200 ndipo malo ena kuya kwake kumapitirira mamita 1,300, madzi anangoti zii, ndipo usiku umenewo ndi umene tinavina bwino koposa. Mu June dzuwa kumeneko limalowa cha m'ma 11 koloko usiku, ndiye tinkavina mapiri akuonekabe pawindo.

Kumtunda tinatsika ku Bergen, komwe tinaona nyumba zamatabwa za ku Bryggen, ndi ku Flåm, komwe tinakwera sitima yapamtunda ya makilomita 20 yokwera phiri mpaka ku Myrdal, malo okwera mamita oposa 860 kuchokera panyanja. Ndi malo okongola, koma zinthu n'zodula kwambiri ku Norway, choncho idyani pa sitima musanatsike. Dziwaninso kuti tsiku limene anthu ayenda kumtunda, bwalo lovinira limatha msanga madzulo chifukwa miyendo imakhala itatopa. Amene cholinga chake ndi kuvina asankhe ulendo wokhala ndi masiku ambiri a panyanja. Pa usiku wovala mwaulemu, abambo anavala masuti akuda, ndipo amayi athu anavala madiresi achitenje amene anatikokera anthu ambiri odzafunsa za Malawi. Wosoka muuzeni kuti diresi lisafike pansi penipeni ndipo likhale lotakasuka m'miyendo, apo ayi tango simuitha.

Kwa amene bwalo lalikulu ndiye chofunika koposa, njira ndi kampani ya Cunard. Queen Mary 2, yomwe inayamba kuyenda mu 2004 ndipo imanyamula anthu oposa 2,600, ili ndi holo yotchedwa Queens Room, yodziwika kuti ndi bwalo lalikulu koposa la ballroom panyanja. Ine ndikanasankhabe yaing'ono. Pa sitima ya anthu 1,300 ovina ndi omwewo usiku uliwonse, moti posakhalitsa mumadziwana, amakusungira mpando, ndipo ukapanda kuoneka amafunsa ngati wadwala. Achinyamata athu a zaka za m'ma 20 ndi 30 ndiwauze chilungamo kuti amsinkhu wawo sakawapezako, ndipo ikamakwana 12 koloko usiku sitima imakhala itagona. Akabwere ngati akufuna kuvina ndi anthu amene akhala akuvina kwa zaka 60.

Pempho la ife amene tinapita ndi lakuti komiti ikambirane ndi aphunzitsi athu kuti theka la ola Loweruka lililonse likhale la magule a sequence, kuyambira ndi anayi ndatchula aja, komanso kuti nthawi zina tiziika mipando pakati pa holo kuti tizolowere bwalo lopanikiza. Amene akufuna ulendo wa chaka chamawa apereke mayina kwa mlembi pamsonkhano ukubwerawu, ndipo a pasipoti ya Malawi anene msanga kuti tiyambe za visa nthawi ikadalipo.