Zimene Mulungu Analonjeza ndi Zimene Tinawonjezera Tokha

Akhristu ambiri okhumudwa ndi Mulungu sanasiye kukhulupirira kuti alipo. Amapemphera, amasonkhana ndi anzawo, amapereka chakhumi, koma mumtima muli kachidandaulo. Panali chinthu chimene ankadikira kuti Mulungu achita pa nthawi yakuti, kudzera mwa munthu wakuti, ndipo sichinachitike. Mukawafunsa mofatsa mumapeza kuti mawu a Mulungu ndi dongosolo lawo zinalukana kalekale, moti sathanso kusiyanitsa chimene Mulungu ananena ndi chimene anadziwuza okha.

Namani, mkulu wa asilikali a ku Siriya amene ankadwala khate, ndi chitsanzo chomveka bwino (2 Mafumu 5). Anafika pakhomo pa Elisa ndi akavalo, magaleta, siliva, golide ndi zovala khumi zosinthira. Mumtima anali atakonza kale mmene achiritsidwire: mneneri atuluka, aimirira, aitana dzina la Mulungu wake, ayendetsa dzanja pamwamba pa khatelo. Elisa sanatuluke n'komwe. Anangotuma munthu kukamuuza kuti akasambe mu Yordano kasanu ndi kawiri. Namani anapsa mtima, nayamba kutama mitsinje ya ku Damasiko, ndipo akanabwerera kwawo ndi khate lake antchito ake akanapanda kumuchonderera. Machiritso analipo. Chimene chinasowa ndi mwambo umene iye anapeka.

Tsono ntchito yoyamba ndi kulekanitsa ziwirizi, mawu a Mulungu ndi dongosolo lanu, ndipo imafuna pepala ndi cholembera, chifukwa zongoganizira m'mutu zimazemba. Sankhani nkhani imodzi yokha, ija imakupwetekani kwambiri. Ilembeni m'chiganizo chathunthu, osachikongoletsa: "Ndinkayembekezera kuti Mulungu andipatsa ntchito chaka chisanathe, kudzera mwa mkulu uja anandilonjeza, chifukwa ndinasala kudya ndi kupemphera." M'chiganizo chotere mumakhala zigawo zinayi: chinthucho, nthawi yake, njira yake, ndi chifukwa chimene mukuonera kuti mukuyenera kulandira. Pa chigawo chilichonse dzifunseni kuti Mulungu ananena zimenezi pati.

Vesi likapezeka, werengani mutu wonse. Yeremiya 29:11 imakondedwa kwambiri chifukwa imanena za malingaliro a mtendere ndi tsogolo labwino. Koma vesi 10 likunena kuti ukapolo wa ku Babulo utenga zaka 70, ndipo mavesi 5 mpaka 7 akuuza anthuwo kuti amange nyumba, alime minda, akwatire, apempherere mzinda wa adani awo. Akuluakulu ambiri amene anamva kalatayo sakanakhala ndi moyo kufikira tsiku lobwerera. Lonjezolo linali loona ndithu, koma munthu woliwerenga ngati likunena za miyezi itatu ikubwerayi adzaimba Mulungu mlandu pa mawu amene Iye sanalankhule.

Nthawi ndi njira nthawi zambiri zimagwa msanga pa mayeso amenewa. Chovuta ndi chigawo chachinayi chija, "chifukwa". Apa ndi pamene pabisala malonda: ndatumikira, ndadzisunga, ndapereka, ndiye Mulungu ali nane ngongole. Mkulu wake wa mwana wolowerera uja analankhula chimodzimodzi kwa bambo ake, kuti wawagwirira ntchito zaka zonsezi koma sanam'patse ngakhale kamwana ka mbuzi (Luka 15:29). Kumvera ndi kwabwino ndipo Mulungu amakuona, koma sikugula yankho. Chigawo chimenechi chiyenera kutchulidwa pamaso pa Mulungu m'pemphero, momveka, ndi kulapidwa.

Ena akamva za kusiya zonse m'manja mwa Mulungu amaganiza kuti ndi kuleka kupempha. Ayi. Ku Getsemane Yesu anapempha mosabisa kuti chikho chim'pitirire, kenaka anati chichitike chifuniro cha Atate, ndipo Mateyu 26 ikusonyeza kuti anapemphera chotero katatu. Paulo nayenso anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke. Sunachoke, anauzidwa kuti chisomo chim'kwanira (2 Akorinto 12:8-9). Sadrake, Mesake ndi Abedinego anauza Nebukadinezara kuti Mulungu wawo angathe kuwapulumutsa m'ng'anjo, koma ngakhale asatero, fanolo sadzaligwadira (Danieli 3:17-18). Pemphero lanu likhale ndi mbali zonse ziwiri, m'dongosolo lomwelo: choyamba nenani chimene mukufuna, ndi dzina lake lenileni, kenaka tulani nthawi ndi njira. Wodumpha mbali yoyamba sanapereke kanthu, wangodzitchinjiriza kuti asadzakhumudwe.

Kudumpha kumeneku ndi kumene kumawononga anthu ambiri aulemu. Amafulumira kunena kuti "zonse ndi chifuniro chake" mkwiyo uli chikhalire, ndipo pakapita miyezi pemphero limazizira iwo osadziwa chifukwa. Masalimo sachita manyazi otere. Salimo 13 imafunsa kuti "mpaka liti" kanayi m'mavesi awiri oyamba. Salimo 88 imathera mumdima, popanda mawu otonthoza. Ngati mawu anu akusowa, werengani masalimo awiriwa mokweza ngati pemphero lanu, tsiku ndi tsiku, kufikira mutatha kunena zanu.

Kulakwitsa kwina ndi kuthandiza Mulungu. Abrahamu analandira lonjezo ali ndi zaka 75, Isake anabadwa iye ali ndi zaka 100. Pakatipo, ali ndi zaka 86, panabadwa Ismayeli kudzera mwa Hagara, ndipo banjalo linalowa m'mikangano yowawa. Njira yachidule imaoneka yanzeru kudikira kukatalika.

Palinso chenjezo limene ndikufuna limveke bwino. Kutula zoyembekezera zanu sikukhala manja lende. Wodwala apite kuchipatala ndi kumwa mankhwala monga mwa malangizo. Wofuna ntchito apitirize kulemba makalata. Amene akuchitiridwa nkhanza m'nyumba afune thandizo ndi malo otetezeka, asauzidwe kuti kupirira kumenyedwa ndiko kugonjera Mulungu. Ndipo munthu amene pemphero lake silinayankhidwe monga ankafunira asanenedwe kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. M'mutu umodzi womwewo, Machitidwe 12, Herode anapha Yakobo ndi lupanga, pomwe Petro anatulutsidwa m'ndende ndi mngelo. Onse anali atumwi, ndipo lembalo silinena kuti Yakobo anaperewera penapake.

Zoyembekezera zimene mwatula zimabwereranso, musadabwe nazo. Mudzazizindikira mnzanu akamachitira umboni za chinthu chomwe inu mukudikira, mtima wanu n'kuwawa m'malo mokondwera, kapena mukayambanso kuwerengera Mulungu masiku. Zikatero bwererani ku pepala lija, muone chigawo chimene chadzukanso, mupempherere chimenecho chokha. Ndi bwino kuti Mkhristu mmodzi wokhwima, wosunga chinsinsi, adziwe zimene munalemba, kuti azikufunsani mmene zikuyendera. Lembani deti pamwamba pa pepalalo, ndipo pakatha miyezi itatu muliwerengenso limodzi ndi iyeyo.