Agogo akagwa, musangoti ndi ukalamba

Bungwe loona za umoyo la WHO limati padziko lonse anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo amene amafa kwambiri ndi a zaka zoposa 60. Chomvetsa chisoni n'choti zambiri zimene zimawagwetsa n'zotheka kuzikonza.

Ulendo woopsa ndi wa kuchimbudzi usiku. Wokalamba akadzuka mwadzidzidzi, magazi amatsikira kumiyendo, BP imatsika, amamva chizungulire. Vutoli limakula ngati akumwa mankhwala a BP okodzetsa monga hydrochlorothiazide, kapena ogonetsa monga diazepam. Ndiye pakhalenso ng'ala m'maso, mapazi adzanzi chifukwa cha shuga, patapata wotha kunsi ndi mphasa yopindika pakhomo. Agogo azikhala kaye tsonga kwa mphindi imodzi asanaimirire, tochi ikhale kumutu, chidebe chokodzera chikhale pafupi. Mankhwala asawasiye okha, koma muwatengere onse kuchipatala kuti adokotala awaonenso.

Mukhoza kuwayesa pakhomo pomwepo. Adzuke pampando, ayende mamita 3, atembenuke, abwerere n'kukhalanso. Akatenga masekondi 12 kapena kuposerapo, ndiye kuti ali pachiopsezo cha kugwa. Ngati amayendera ndodo, ndodoyo ifike pamfundo ya dzanja ataimirira manja ali pansi, ndipo aziigwirira mbali ya mwendo wabwino. Ambiri amagwirira mbali yopweteka, ndipo siwathandiza kwenikweni.

Akagwa, musathamangire kuwadzutsa. Yang'anani miyendo. Ngati wina wafupika, phazi lapendekera kunja, ndipo sakutha kuponda, n'kutheka kuti fupa la ntchafu lathyoka cha m'chiuno. Musathowe, musakoke. Agonekeni pa chinthu cholimba, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Kusunga munthu wotero pamphasa milungu ndi milungu n'kumene kumabweretsa chibayo, zilonda za kumbuyo ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha ya miyendo. Ngakhale amene sanathyoke amayamba kuopa kuyenda, miyendo n'kufooka, n'kudzagwanso.

Ngati anamenyetsa mutu, muziwayang'anira kwa milungu ingapo, makamaka amene amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga aspirin kapena warfarin. Magazi amatha kudontha pang'onopang'ono m'kati mwa chigaza munthu akuoneka bwinobwino. Akayamba kugonagona masana, kusokoneza mawu, kudandaula mutu wosatha kapena kukoka mwendo umodzi, bwererani kuchipatala ndipo mukanene kuti anagwa, ngakhale patapita mwezi.