Kulipira koleji popanda katapila

Kuno ku Salima ndimamva chisoni ndikaona makolo akuthamangira katapila mwana wawo akasankhidwa kupita ku yunivesite, chifukwa chiwongoladzanja chake chimatha kuwalanditsa ngakhale munda. Ngongole ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, ndi yopepukirapo, popeza wophunzira amabweza akamaliza maphunziro, komabe ine ndimalangiza kupempha ya fizi yokha. Ndalama ya chakudya ndi lendi ingathe kuchokera ku mpunga wathu wa ku Lifuwu. M'malo mogulitsa matumba onse kwa mavenda nthawi yokolola, mitengo ili pansi, sungani ena m'nyumba ndipo muzigulitsa pang'onopang'ono sukulu ikamayandikira kutsegulidwa. Musanyozenso Salima Technical College, kumene wophunzira ukalipentala angathe kuyamba kupeza maganyu asanamalize n'komwe maphunziro ake.