Zikomo nonse amene munachezera nane usiku uja

Lero pakwana mwezi wathunthu ma MySQL awiri (MySQL ndi pulogalamu yosungira deta) akuyenda pa seva yathu imodzi ya Ubuntu popanda vuto. Ndati ndisakhale chete, chifukwa pali anthu amene anandinyamula nditagwa.

Tinalibe makina ena oyeserapo zinthu, ndiye ndinaganiza zoika MySQL yachiwiri pambali pa ija timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Yakaleyo inali pa port (nambala ya khomo lolowera) 3306, deta yake mu /var/lib/mysql. Yatsopano ndinaipatsa 3307, foda yakeyake, socket yakeyake (fayilo imene mapulogalamu a pa makina omwewo amadzerapo polumikizana ndi MySQL). Koma inakana kuyaka. Inkangoti Permission denied, pomwe foda ndinali nditaipereka kale kwa mysql ndi chown (lamulo losintha mwini wa foda), ndipo ndinabwereza mwina kasanu. Achimwene amene timakhala moyandikana mu ofesi, inu munangosuzumira pa sikirini n'kunena kuti, "Taonani kaye mu dmesg." Mmenemo, m'mauthenga a Linux, ndi momwe munali yankho: AppArmor, chitetezo cha mu Ubuntu, imalola mysqld, pulogalamu ya seva ya MySQL, kulemba m'malo okhawo amene inauzidwa. Titaonjezera foda yatsopano mu /etc/apparmor.d/local/usr.sbin.mysqld, inayaka. Zikomo achimwene.

Choopsa chinabwera patatha masiku atatu. Chakumadzulo ndinalowa ndi -h localhost -P 3307, mtima uli m'malo kuti ndili mu yoyeserera, n'kufufuta tebulo lina kuti ndilipange mwatsopano. Sipanathe mphindi khumi foni inayamba kulira. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ukalemba localhost, pulogalamu ya mysql siyang'ana port imene waipatsa. Imadzera pa socket, ndipo socket imene inkaidziwa inali ya seva yeniyeni. Tebulo limene ndinafufuta linali la ntchito ya anthu, ya chaka chonse. Manja anazizira, ndinalephera ngakhale kulemba pasiwedi yanga.

Achemwali, inu amene munandiphunzitsa ntchitoyi ndikungoyamba kumene, ndinakuimbirani usiku muli ndi mwana wodwala, koma simunadule foni. Mawu anu oyamba anali akuti ndisakhudze kanthu kalikonse. Kenaka munafunsa mafunso awiri okha: backup yomaliza ndi ya liti, ndipo binary log (kaundula wa zonse zimene zasinthidwa mu deta) ilipo? Mwamwayi mu MySQL 8.0 binary log imakhala yoyaka kale pokhapokha wina aizimitse. Tinatenga backup ya mysqldump ya usiku wapitawo n'kuithira mu MySQL yoyeserera ija, yomwe ija inandisokoneza. Kenaka ndi mysqlbinlog, pulogalamu yowerenga binary log, tinabwereza zonse zimene zinalembedwa tsikulo, n'kuimitsa pamzere womaliza lamulo langa lofufuta lisanafike. Munandiuza kuti ndiwerenge nambala ya malo oimirawo mokweza kawiri ndisanadine. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha tebulo linabwerera, mizere yonse ili momwemo. Ndinalira, ndipo inu munamva.

Abwana, m'mawa mwake ndinabwera nditakonzekera chilichonse. Inu munangofunsa kuti tichite chiyani kuti zisadzachitikenso, n'kundipatsa tsiku lonse loti ndikonze. Sindidzaiwala. Anzanga amene munakhala madzulo onse osagwira ntchito, ena mpaka kulemba papepala podikira, pepani ndipo zikomo chifukwa cha kudekha kwanu.

Pano ndimalowa ndi 127.0.0.1 m'malo mwa localhost, kuti mysql iyang'ane port imene ndaipatsa, kapena kutchula socket yeniyeniyo ndi -S. Ndisanafufute kanthu ndimayamba ndafunsa SELECT @@port, @@datadir kuti seva indiuze yokha kuti ndili pati. Mapasiwedi a ma MySQL awiriwa ndi osiyana tsopano, ndipo ichi ndi chimene chimandiwawa kwambiri, chifukwa akanakhala osiyana kuyambira pachiyambi, seva yeniyeni ikanandikaniza pakhomo pomwe. Tinagawanso innodb_buffer_pool_size, mlingo wa memory imene MySQL imasungiramo deta, moti awiriwa asalimbirane memory, poti ikatha Linux imapha imodzi osafunsa kuti yofunika ndi iti.

Achemwali, mwana uja ndamva kuti wachira. Ndibwera Loweruka kudzamuona.