Njira imene ndinadzera kuti ndifike pojambula mapulani a nyumba

Bambo anga akhala akumanga nyumba za anthu m'dera la Bembeke kwa zaka zambiri, ndipo ine ndinakula ndikuwaponyera njerwa ndi kuwagwirira nsonga ya tepi. Pulani yeniyeni ndinaiona koyamba ndili Fomu 2, pamene anapatsidwa ntchito yomangira munthu wina wokhala ku Lilongwe. Anaiyala pamphasa n'kuipsinja ndi miyala m'makona onse anayi kuti mphepo ya mu Juni isaiulutse, kenako anandiitana kuti ndiwawerengere timanambala ta m'mbali chifukwa maso anali atayamba kuwavuta. Nditawerenga kuti chitseko n'cha 900 m'lifupi ndi 2100 m'litali, ndinafunsa tanthauzo lake. Iwo anati, "Amenewo ndi mamilimita, mwanawe. Amene analemba pepalali sanapondepo pano, koma tonsefe tikumvera iyeyo." Kuyambira tsiku limenelo ndinafunitsitsa kudziwa sukulu imene munthu wotero amaphunzirako.

Chinthu choyamba chimene ndinazindikira, ndipo ndikuthokoza kuti ndinachizindikira msanga, n'chakuti ulendowu umayambira pa maphunziro amene wophunzira amasankha polowa Fomu 3. Anzanga ambiri ankaganiza kuti wodziwa kujambula nkhope ndi mitengo ndiye woyenera ntchitoyi, koma mphunzitsi wathu wa masamu anandiuza mosabisa kuti luso la pensulo palokha silingandilowetse ku koleji. Ndinagwiritsitsa masamu ndi Physical Science, imene masiku ano inagawidwa kukhala Physics ndi Chemistry, osanyozera Chingerezi ndi Geography. Pasukulu pathu panalibe phunziro la Technical Drawing, ndipo zimenezi zinkandidetsa nkhawa, koma pambuyo pake ndinapeza kuti ambiri mwa anzanga a kukoleji nawonso anali asanagwirepo T-square, rula yooneka ngati chilembo cha T yojambulira mizere yowongoka. Amene sukulu yake ili ndi phunziroli alitenge, koma amene alibe asagwe mphwayi.

Pa mayeso a MSCE, giredi 1 ndi 2 ndiye kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, ndipo mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene munthu wakhoza bwino koposa. Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite ya boma amayenera kukhala ndi makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Kumeneko n'kungofika pakhomo chabe, popeza malo ndi ochepa ndipo ofuna ndi ambiri, choncho amene masamu ake ndi ofooka amatsalira ngakhale mapointi ake ataoneka abwino. Zotsatira zitatuluka ndinadikira chilengezo cha bungwe la NCHE, limene limayendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, ndipo nditalipira ndalama ya fomu kubanki ndinasunga risiti m'Baibulo la mayi anga. Polemba zosankha zanga ndinaika Architectural Studies poyamba, kenako Quantity Surveying ndi Physical Planning, kuti ndikaphonya koyambako ndisachoke m'gulu la zomangamanga. Ndimalangiza aliyense kuti awerenge bwinobwino zofunika pa pulogalamu iliyonse m'chilengezo cha chaka chimenecho, chifukwa kulemba pulogalamu imene sukukwanitsa zofunika zake n'kungotaya mwayi umodzi pachabe.

Dzina langa linatuluka ku Polytechnic ya ku Blantyre, imene panthawiyo inali nthambi ya University of Malawi, ndipo mu 2021, ndili pakati pa maphunziro, inaima payokha n'kukhala MUBAS. Chimwemwe cha pakhomo sichinachedwe kusanduka kuwerengera ndalama. Ndinapempha ngongole ku bungwe loona za ngongole za ophunzira a m'makoleji la HESLGB, ndipo kusonkhanitsa makalata otsimikizira kuti banja lathu silingakwanitse fizi kunandiyendetsa maulendo angapo pakati pa kwathu ndi pa boma pa Dedza. Mayi anagulitsa matumba a kachewere amene ankasungira mbewu, malume nawo anathandizapo ndi ya thiransipoti. Chimene sitinachiwerengere ndi mtengo wa zipangizo: mapepala aakulu a A1, a mamilimita 594 ndi 841, mapensulo olimba mosiyanasiyana, rula ya sikelo, makatoni ndi guluu zopangira timanyumba tachitsanzo, komanso laputopu yotha kunyamula mapulogalamu ojambulira. Laputopuyo ndinaipeza m'chaka chachiwiri, yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo isanapezeke ndinkabwereka ya mnzanga iye akagona.

Mtima wa maphunzirowa ndi situdiyo. Ichi ndi chipinda chachikulu chokhala ndi matebulo ojambulira, mmene wophunzira amapatsidwa vuto, monga kukonza nyumba ya banja la anthu 6 papuloti yotsetsereka, n'kukhala nalo kwa masabata angapo. Tinayamba ndi manja tisanakhudze kompyuta. Tinaphunzira kuti pa sikelo ya 1:100 sentimita imodzi papepala ndi mita imodzi pansi, ndiponso kuti nyumba imodzi imafuna zojambula zingapo: pulani yoionetsa ngati waichotsa denga, maonekedwe a mbali zonse, ndi chojambula choidula pakati kuti maziko, khoma ndi mapaso zioneke mmene zagwiranirana. Mapulogalamu ojambulira pakompyuta a AutoCAD, SketchUp ndi Revit anabwera pambuyo, pamodzi ndi maphunziro a kulimba kwa nyumba, zipangizo zomangira, kayendedwe ka madzi ndi magetsi, ndi mbiri ya kamangidwe.

Ntchito ikatha timaipachika pakhoma n'kuima patsogolo pa aphunzitsi ndi anzathu kuti tiifotokoze, ndipo iwo amaifunsa mafunso mosanyengerera. Tsiku langa loyamba silidzandichoka m'mutu. Ndinajambula nyumba yokongola ya magalasi aakulu mbali zonse, yofanana ndi zimene ndinkaona pa intaneti, ndipo mphunzitsi wina atayang'ana kwa kanthawi anandifunsa kumene ndimachokera. Nditayankha kuti ku Dedza, anati, "Ndiye tatiuzani, mu Julayi agogo anu angagone m'nyumba imeneyi?" Ndinasowa choyankha, chifukwa ndinkadziwa bwino kuzizira kwa kwathu, kumene nkhungu imakuta phiri mpaka dzuwa litakwera ndipo anthu amaothera moto ngakhale masana. Usiku umenewo ndinayambiranso. Ndinaphunzira kuti m'miyezi yozizira dzuwa kuno limadzera chakumpoto, choncho nyumba ya kumalo okwera ngati Bembeke imafuna mawindo olandira dzuwa kumbali imeneyo ndi khoma lochinga mphepo ya kummwera chakummawa, pamene nyumba ya ku Mtakataka, kumunsi kotentha kufupi ndi nyanja, imafuna khonde lalikulu, denga lokwera ndi mawindo oyang'anizana kuti mphepo izidutsa. Boma ndi limodzi lomweli, koma pulani imodzi singakwanire konseko.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kuona kuti zimene ndinkaziyesa zachikale kwathu zinali maphunziro. Khonde lozungulira nyumba ya agogo limateteza khoma ladothi kuti mvula isalinyambite m'munsi, ndipo udzu wa padenga umasunga kutentha kuposa malata opanda siling'i. Patchuthi china ndinapita ku Mua, kumene mishoni inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo ndinatha tsiku lonse ndikuyeza ndi maso makhonde ndi zipilala za njerwa, n'kumajambula m'kope langa. Zimene ndinaphunzira pa dzanja la bambo zinandithandizanso kwambiri pa nthawi ya atachimenti, pamene wophunzira amakagwira ntchito ku ofesi ya akatswiri kapena pamalo omanga. Anzanga ena ankachita manyazi kufunsa amisiri, koma ine ndinkadziwa kuti foromani wokalamba amaona msanga cholakwika cha papepala, monga masitepe amene munthu wonyamula thumba la simenti sangakwere bwino.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba za anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, pamtunda waufupi kuchokera pamene tinkaphunzirira. Zitatero, nkhani za malo oyenera kumangapo, ngalande za madzi, kuya kwa maziko ndi ring'i bimu yomanga makoma pamodzi zinasiya kukhala zongolembera mayeso. Nkhani ya njerwa zootcha nayonso imandikhudza, chifukwa ndinakula ndikuumba ndi chikombole ndipo ndinaona mitengo imene uvuni umodzi umadya. Kuyambira mu 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, motero wophunzira wa lero ayenera kudziwa bwino mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zimene amazipsinja pamakina osaziotcha.

Pali chinthu chimene ambiri sauzidwa polowa, ndipo ine ndinachimva mochedwa: digiri yoyamba siipatsa munthu ufulu wodzitcha architect, kutanthauza katswiri wojambula mapulani a nyumba. Dzinali limatetezedwa ndi lamulo, ndipo woyenera kulitenga ndi amene walembetsedwa ndi Board of Architects and Quantity Surveyors atagwira ntchito pansi pa katswiri wolembetsedwa kale n'kukwaniritsa zimene bungweli limafuna. Ambiri amapitirizanso digiri yachiwiri, ena mpaka ku mayunivesite a ku South Africa. Amene sanasankhidwe ku yunivesite asaganize kuti khomo latsekeka, pakuti makoleji a ntchito zamanja monga Lilongwe, Namitete, Salima ndi Soche, amene amayenda ndi ndondomeko ya TEVETA, amaphunzitsa zomanga, ukalipentala ndi kuwerenga mapulani, ndipo alipo amene anayambira kumeneko n'kudzakwera pang'onopang'ono.

Pakali pano ndikugwira ntchito mu ofesi ina ku Lilongwe, kumene ndimajambula pansi pa katswiri amene amasainira mapulani asanapite ku khonsolo kukavomerezedwa, ndipo ndimalemba ntchito iliyonse imene ndagwira kuti idzandichitire umboni polembetsa. Mwezi wathawu ndinapita kwathu ndi pulani ya nyumba ya zipinda zitatu imene ndikufuna timangire mayi. Bambo anaiyala pamphasa, anavala magalasi awo, n'kulondola mzere wa maziko ndi chala mpaka pamene ndinalemba pulasitiki yotchinga chinyontho pakati pa maziko ndi khoma. Anafunsa chifukwa chimene ndinaikira mawindo aakulu kumpoto m'malo moyang'anitsa kumsewu, ndipo nditawafotokozera za dzuwa la mu Juni anakhala chete kwa kanthawi, kenako anatuma mng'ono wanga kuti akatenge tepi ndi zikhomo tikayeze malowo dzuwa lisanalowe.