Maola 72 amene manyazi amadya

Pa zonse zomwe ife othandiza achinyamata taphunzira zokhudza umoyo wa achinyamata pa nkhani zogonana, yomwe yandikhala m'mutu ndi nkhani ya nthawi. Munthu amene wagonana mosadziteteza, kapena kondomu yaphulika, angathe kupatsidwa PEP, mankhwala omuteteza kuti asatenge HIV, koma ayambe kumwa pasanathe maola 72, n'kupitiriza kwa masiku 28. Mapiritsi olera a pangozi nawo malire ake ndi masiku 5, ndipo amagwira bwino akamwedwa msanga. Tsono mtsikana akatha masiku atatu ali m'nyumba, akudzifunsa kuti anamwino akamuona bwanji, mwayi wa PEP wamudutsa.

N'chifukwa chake ndikuona kuti kalandiridwe kathu ka wachinyamata wofuna thandizo ndi mbali ya chithandizo. Kutseka chitseko, kumupatsa mpando, kumuuza kuti zomwe tikambirane sizituluka pokhapokha ngati akuchitidwa nkhanza kapena moyo wake uli pangozi. Funso loti "mwana ngati iwe ukuzifuniranji zimenezi?" limathamangitsa iyeyo ndi anzake omwe.

Gawo lomwe landigwira mtima ndi la kondomu. Kulongosola pakamwa sikukwanira. Wachinyamata timamupatsa chidole chonga chida cha abambo kuti achiveke kondomu yekha: aone kaye tsiku lothera ntchito, asang'ambe paketi ndi mano, atsine kansonga kuti mpweya utuluke, kenako afunyulule mpaka kutsinde. Apa m'pamene umaona mnyamata amene amati amadziwa akuyiyika chogadamiza, manja akunjenjemera. Bola alakwitse pamaso pathu. M'pamenenso timamuuza kuti mafuta odzola monga Vaseline amafooketsa mphira wa kondomu.

Ambiri amadabwa akamva kuti jakisoni wolera amateteza ku mimba yokha, osati ku chindoko, chinzonono kapena HIV, komanso kuti chinzonono chimatha kukhala mwa mkazi popanda chizindikiro chilichonse mpaka kumuwonongera njira yoberekera.

Makolo amaopa kuti kuphunzitsa ana zimenezi n'kuwalowetsa m'chiwerewere, ndipo mantha awo ndimawamvetsa. Koma malangizo omwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, idatulutsa mu 2018, atasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko ambiri, adaonetsa kuti maphunziro oterewa sachititsa achinyamata kuyamba msanga zogonana.

Chimene ndikufuna kuchidziwa bwino tsopano n'kuthandiza mtsikana amene zonsezi akuzidziwa, koma chibwenzi chake ndi bambo wamkulu wokana kondomu. Ameneyu timayeserera naye mawu oti akayankhe, n'kumufotokozeranso za PrEP, mankhwala omwe munthu wopanda HIV amayambiratu kumwa kuti asatenge kachilomboka, omwe angathe kumwa popanda kupempha chilolezo kwa bamboyo.